Funsani Aphunzitsi: Ndowa zitatu sizikwana thumba

Makalata a mwezi uno ndachita kuwasankha. Onse akukhudza za kuyeza zinthu, nkhani imene ndinathera nayo choko kwa zaka zambiri ku sekondale ndisanapume pantchito. Kwathu ku Area 25 amandiseka kuti ndine nkhalamba yoyenda ndi tepi m'thumba ngati kalipentala. Sindikana, tepiyo ili m'thumba ngakhale pano ndikulemba.

Aphunzitsi, ndinagula chimanga ndowa zitatu za malita 20 kwa venda wina, iye n'kunditsimikizira kuti chakwana thumba la makilogalamu 50. Nditafika nacho kwa mlamu wanga amene ali ndi sikelo ya koloko, chinangokwana 44. Wandibera ndi venda, kapena ikunama ndi sikelo ya mlamu?
Mayi wa ku Chinsapo

Mayi, musanakayambane ndi munthu, khalani kaye pansi tiwerengere limodzi. N'kutheka kuti ndowa inanena zoona, sikelo nayo inanena zoona. Panalakwika ndi pakamwa pa venda.

Ndowa imakuuzani malo amene chinthu chatenga. Sikelo imakuuzani kulemera kwake. Chimene chimatisokoneza ndi madzi, chifukwa pa madzi manambala awiriwa amafanana: lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi. Amene anakonza miyezoyi anachita kufuna kuti zikhale choncho. Ndiye mukasenza ndowa ya malita 20 kuchokera pakiyosiki, pamutu panu pali makilogalamu 20, osawerengera ndowayo. Tinazolowera zimenezi mpaka tinayamba kuganiza kuti chilichonse chodzaza ndowa ndi makilogalamu 20.

Koma yesani izi kukhitchini. Dzazani kapu ndi chimanga mpaka pakamwa, kenaka muzithiramo madzi pang'onopang'ono. Muona madzi akulowabe m'kapu imene mumati yadzaza. Pakati pa njere ndi njere pali mipata, ndipo pogula pa ndowa mipata imeneyo mumailipira. Lita imodzi ya chimanga chouma imalemera magalamu a pakati pa 700 ndi 750. Ndowa yosalaza pamwamba ndiye kuti ndi makilogalamu 14 kapena 15. Ndowa zitatu, 42 mpaka 45. Mwaiona 44 yanu ija? Kuti thumba likwane 50 pamafunika ndowa zitatu ndi theka zosalaza, apo ayi zitatu zamulu weniweni, wochita kusongoka.

Apa ndikuyesa kuti ndowayo inali yoona, chifukwa ndowa ndaziona zambiri. Ina anaikhoma kumatako kuti pansi patundumukire mkati. Ina anaidula milomo n'kuisalaza bwinobwino ndi mpeni wamoto, moti simungadziwe. Ina anaiwamba pamoto n'kuifinya m'mimba. Alipo mavenda ena oyenda ndi ndowa ziwiri, yaikulu yogulira kumudzi, yaing'ono yogulitsira m'tauni. Kuigwira ndowa yabodza sikufuna sukulu. Tengani botolo la Sobo la malita 2, muthire madzi m'ndowamo kakhumi. Ikasefukira musanamalize, mwaigwira.

Sikelo ya mlamu wanu nayo musangoikhulupirira chifukwa ndi ya pachibale. M'kati mwake muli sipuling'i, ndipo sipuling'i imatopa. Musanakolekepo kanthu, onani ngati muvi wake uli pa 0. Kenaka kolekani chinthu chimene mukuchidziwa kale kulemera kwake, monga mapaketi a shuga osatsegula a kilogalamu imodzi imodzi, kapena chigubu cha madzi cha malita 5. Powerenga muime maso anu atalunjika pa muvi, chifukwa mukaima chakumbali muwerenga nambala yoyandikana nayo. Masikelo a pamalonda ndi mapampu a mafuta amayenera kuyesedwa ndi a Malawi Bureau of Standards, bungwe limene linakhazikitsidwa mu 1972, ndipo si mwano kufunsa wogulitsa kuti akuonetseni chizindikiro chawo.

Chinanso, chimanga chongokolola kumene chimakhala ndi madzi. Mukachiyanika chimapepuka, popanda wakuba aliyense.

Ine sindidana ndi ndowa. Mayi anga anatilera ndi mbale, lichero ndi dengu, sikelo sanaigwirepo, ndipo ankadziwa mwezi umene nkhokwe idzathe kuposa mmene ine ndingawerengere ndi cholembera. Pakati pa anthu odziwana, oyezera ndowa imodzi chaka ndi chaka, palibe vuto. Koma munthu akangotchula mtengo wa pa kilogalamu, katunduyo akwere pa sikelo inu mukuona. Akuluakulu anzanga akukumbukira thumba lakale la makilogalamu 90, lothyola msana lija. Nambala yake yachilendoyo inachokera ku mapaundi 200 a nthawi ya Angerezi.

Ine ndili Fomu 2. Pa mayeso ndinapeza yankho lolondola, 25, koma aphunzitsi anandidula malikisi chifukwa sindinalembe "cm". Si nkhanza zimenezi? Komanso anayambitsa zoti mita italike chonchi ndi ndani?
Mnyamata wa ku Kawale

Mwana wanga, ndikanakhala ine ndikanadulanso. Ana amene ndinawaphunzitsa amandikumbutsa mpaka lero tikakumana m'minibasi. Wina akayankha kuti "25", ine ndinkafunsa kuti, "25 chiyani? Mbuzi?" Kalasi yonse inkafa ndi phwete, koma wolakwayo sankabwerezanso. Muyezo umayenda ndi miyendo iwiri, nambala ndi dzina la chimene wayezera. Tuma mng'ono wako kuti akagule shuga "muwiri", uone ngati sabwera ndi timapaketi tiwiri ta pabenchi pamene iwe umafuna makilogalamu awiri.

Usaganize kuti zimenezi zimagwera ana a Fomu 2 okha. Mu 1999 bungwe la NASA la ku America linataya chombo chotchedwa Mars Climate Orbiter chitafika kale ku Mars. Gulu lina la akatswiri linkawerengera mphamvu m'mapaundi, lina linkalandira manambala omwewo n'kumayesa kuti ali m'ma newton. Chombo chinatsika kwambiri kuposa mmene anafunira, osamvekanso.

Tsono za mita. Makolo athu ankayezera thupi: mkono, chikhatho, phazi. Azungu chimodzimodzi, fiti imene amaitchula amisiri ija ndi phazi basi. Vuto lake ukulidziwa, mkono wa agogo ako si mkono wako. Ku France kale zinafika poipa, tauni ina muyezo wake, tauni yotsatira muyezo winanso wa dzina lomwelo, alimi n'kumaberedwa ngati mayi a ku Chinsapo aja. M'zaka za m'ma 1790, dzikolo lili m'kati mochotsa ufumu, akatswiri anagwirizana kuti muyezo usachokerenso pa thupi la munthu aliyense, ngakhale la mfumu, koma pa dziko lapansi lenilenilo. Anati titenge mtunda wochokera ku North Pole kukafika pa Equator kudzera mu Paris, tiugawe magawo 10 miliyoni, gawo limodzi likhale mita.

Kunena n'kosavuta. Amuna awiri, Delambre ndi Méchain, anayamba mu 1792 kuyeza chigawo cha mtundawo, kuchokera ku Dunkirk kukafika ku Barcelona. Zinawatengera zaka zoposa zisanu ndi chimodzi, akukwera nsanja za matchalitchi ndi mapiri m'nthawi ya nkhondo, anthu a m'midzi akuwaganizira kuti ndi akazitape chifukwa cha zida zawo zachilendo. Mu 1799 anasula ndodo ya chitsulo cha platinum n'kunena kuti iyi ndiye mita. Pambuyo pake zinadziwika kuti inaperewera ndi pafupifupi mamilimita 0.2, kuchindikala kwa mapepala awiri a m'kope lako. Ine anthu amenewa ndimawavulira chipewa. N'chifukwa chake ukamva kuti kuzungulira dziko lapansi ndi makilomita pafupifupi 40,000, nambalayo imaoneka yosalala choncho, mita anachita kuidula kuchokera pamenepo.

Pa 20 May 1875 mayiko 17 anasainirana pangano ku Paris loti aziyendera miyezo imodzi, n'kukhazikitsa ofesi yosunga miyezo ku Sèvres, kufupi ndi mzindawo. Kumeneko n'kumene kunkakhala kilogalamu yeniyeni, kachitsulo ka platinum ndi iridium kotalika mamilimita 39 okha, kokwana m'dzanja, kovundikiridwa ndi magalasi n'kutsekeredwa m'chipinda. Kuyambira 1889 mpaka 2019, shuga aliyense amene unagula pagolosale, fodya aliyense amene anakwera sikelo ku Kanengo, kholo lake linali kachitsulo kameneko. Koma chitsulo chimadetsedwa, chimaperepeseka, ndipo akakayerekeza ndi anzake amene anagawidwa m'mayiko ankapeza tikusiyana pang'ono. Lero kilogalamu amaimangirira pa nambala ina ya m'chilengedwe yotchedwa Planck constant. Mita nayo kuyambira 1983 ndi mtunda umene kuwala kumayenda m'kagawo kamodzi ka sekondi, ukaigawa sekondiyo magawo 299,792,458. Usavutike kuloweza nambalayo. Cholinga chake n'choti ndodo itapsa kapena kubedwa, mita ipezekenso.

Dongosolo lonseli analipatsa dzina loti SI mu 1960, ndipo lili ndi mizati isanu ndi iwiri: mita ya kutalika, kilogalamu, sekondi ya nthawi, ampere ya kayendedwe ka magetsi, kelvin ya kutentha, mole ya kuchuluka kwa tinthu ta m'makemikolo, ndi candela ya kuwala. Zina zonse ndi ana a zimenezi. Liwiro ndi mamita pa sekondi. Lita ndi malo a m'kabokosi ka masentimita 10 mbali zonse. Mabokosi otere 1,000 ndi amene amapanga cubic metre imene makolo ako amaiona pa bilu ya Lilongwe Water Board, ndowa 50 zathunthu.

Inu ana a lero simudziwa mwayi wanu. Ine ndinayamba sukulu tikuwerengera mapeni 12 kukhala sheleni, masheleni 20 kukhala paundi. Tinadya nazo zikwapu. Mu 1971 kutabwera kwacha ndi tambala, matambala 100 kwacha imodzi, masamu a ndalama anasanduka masewera. Miyezo yakale inali chimodzimodzi: mainchi 12 fiti, mafiti 3 yadi, mayadi 1,760 mailo imodzi. Iwe zako ndi mawu atatu basi. Kilo ndi 1,000. Senti ndi gawo limodzi mwa 100, ngati tambala pa kwacha. Mili ndi gawo limodzi mwa 1,000. Ukagwira atatuwa, kilomita, sentimita, miligalamu ndi mililita sizifunanso kuloweza. Ndiye "cm" ija uzilemba.

Alangizi akabwera amangonena za mahekitala, pamene ife minda yathu timaidziwa m'maekala. Zikusiyana pati?
Mlimi wa ku Mitundu

Achimwene, hekitala ndi munda wa mamita 100 m'litali ndi mamita 100 m'lifupi. Ekala ndi yaing'ono, pafupifupi mamita 64 mbali zonse zinayi. Hekitala imodzi imameza maekala awiri ndi theka, kuperewera pang'ono. Kuti muione m'maso, bwalo la mpira wa matimu akuluakulu nthawi zambiri limakhala mamita 105 ndi 68, loposa ekala ndi theka koma losakwana hekitala.

Poopsa ndi apa: mukamva mlingo wa feteleza kapena mankhwala wa pa hekitala inu n'kuuthira pa ekala, mwathira kawiri ndi theka kuposa zofunika. Ndalama zapita, mwinanso mbewu yapsa. Muziwafunsa alangizi mosachita manyazi kuti, "Pa chiyani?"

Kuyeza munda ndi mapazi si kulakwa, bola muyambe mwayeza mapazi anuwo. Bwerekani tepi, mulembe mamita 10 pabwalo, muyende kangapo mmene mumayendera masiku onse, muone kuti mumaponda kangati. Ine ndimaponda ka 14, mwana wanga wamwamuna ka 12, ndiye ekala yanga ndi yake sizingafanane tikangowerenga mapazi. Pobzala ndiye musadalire diso. Dulani timitengo tiwiri, ka masentimita 75 ka pakati pa mizere ndi ka masentimita 25 ka pakati pa mapando, monga amanenera pa kabzalidwe ka Sasakawa ka mbewu imodzi paphando. Pa hekitala zimakwana mbewu 53,333. Mizere ikangotalikirana n'kufika masentimita 90, zimatsika kufika pa 44,444. Masentimita 15 okhawo, osakwana chikhatho chotambasula, akudyerani mapesi pafupifupi 9,000.

Miyezo yakale sidzatha msanga, ndipo sindikuithamangitsa. Pobwera m'tauni mumadutsa pa Six Miles. Mailo imodzi ndi makilomita 1.61, ndiye dzinalo likanakhala makilomita 9.7, koma sindikuona kondakitala amene angaitanire zimenezo. Kuhadiweya misomali tikugulabe ya mainchi 4, malata a mafiti 10. Ingodziwani kuti inchi ndi masentimita 2.54, ndipo tepi ili ndi manambala mbali ziwiri. Mayi a kunyumba anagulapo nsalu akuti mamita awiri, wogulitsa n'kuyezera ndodo ya yadi. Yadi ndi masentimita 91.4, ndiye inaperewera ndi pafupifupi 17. Telala ndi amene anaulula, mkono wa bulauzi utasowa poudula.

Pa botolo la mankhwala a mwana wanga palembedwa 120 mg/5 ml. Ndimupatse 120 kapena 5?
Mayi wa ku Area 36

Mwachita bwino kufunsa, mayi, ndipo funso ili muziwafunsanso amene akupatsani mankhwalawo musanachoke pawindo. "Mg" ndi miligalamu, kulemera kwa mankhwala enieniwo. "Ml" ndi mililita, kuchuluka kwa madzi otsekemera amene mankhwalawo asungunulidwamo. Zolembazo zikuti m'mamililita 5 aliwonse muli mamiligalamu 120. Sizikunena mlingo wa mwana wanu. Mlingo amaulemba ndi a chipatala, potengera msinkhu ndi kulemera kwa mwanayo. Si pachabe kuti Achewa tinangotcha malo onse aja kuti "kusikelo".

Supuni ya tiyi ya m'mabuku ndi mamililita 5, koma tulutsani masupuni a m'kabati yanu muwayerekeze, mupeza ina ikulowa kawiri mwa inzake. Gwiritsani ntchito kakapu kapena kasirinji kobwera ndi botolo. Thanzi ORS naye amafuna lita imodzi yathunthu ya madzi abwino pa paketi. Botolo lagalasi la Fanta ndi mamililita 300, ndiye atatu ndi 900, lita sinakwane. Botolo la mamililita 500 kawiri ndiye mwakhoza. Madzi akachepa mchere umachuluka, pamene mwana wotsegula m'mimba akufuna madzi.

A zanyengo akati kwagwa mvula ya mamilimita 25, amayeza bwanji madzi ndi lula?
Bambo wa ku Likuni

Amayeza kuzama kwa madzi amene akanaima pansi pakanakhala posalala, osalowa m'nthaka, osathamanga. Milimita imodzi ya mvula ndi lita imodzi pa kamalo ka mita imodzi mbali zonse. Denga la nyumba yanga yakumbuyo ndi mamita 8 ndi 5. Mvula ya mamilimita 25 ikagwa, pamenepo patsika malita 1,000, madiramu asanu a malita 200. Ine ndili ndi diramu limodzi, ndipo anayi enawo amakathera kukumba msewu wa kwa aneba.

Ndimaphunzitsa sayansi pa sekondale ina yoyendera. Buku likuti madzi amawira pa madigiri 100, koma tikawiritsa m'kalasi themomita yathu imaima pa 96 kapena 97. Ndi yowonongeka?
Mphunzitsi wa ku Lumbadzi

Aphunzitsi anzanga, musaitaye. Ikanaonetsa 100 ndi pamene ndikanaikayikira. Madigiri 100 a m'buku ndi a m'mphepete mwa nyanja yamchere. Ife ku Lilongwe tili pamtunda wa mamita oposa 1,000, ndipo mpweya umene ukutipsinja kuno ndi wochepa. Mpweya ukamapsinja pang'ono, nthunzi imathawa m'madzi mosavuta, madzi n'kuwira asanatenthe kwambiri. Mukakwera mamita pafupifupi 300, digiri imodzi imachoka. Ku Nsanje, kumene kuli kotsika, adzapeza pafupi ndi 100. Pamwamba pa Sapitwa, mamita 3,002, madzi amawira cha pa 90, ndipo wophika nyemba kumeneko atenge nkhuni zambiri. Mukafuna kuitsimikiza themomitayo, iviikeni m'madzi osakaniza ndi ayezi wophwanyaphwanya amene akusungunuka. Iyenera kuonetsa 0, kaya ku Lumbadzi kaya ku Nsanje.

Funso lanu landikumbutsa tsiku lina m'labu. Ndinagawa ana m'magulu asanu ndi limodzi, gulu lililonse ndi bika yake ndi themomita yake. Posonkhanitsa makope, onse analemba 100. Ndinadziwa kuti palibe gulu limene linaona 100. Ndikuyang'anitsitsa kope la mtsikana wina wofatsa wa kumbuyo, ndinaona pepala litachita kuperepeseka ndi labala, pansi pa 100 pakuonekabe mthunzi wa 96. Nditamufunsa anayang'ana pansi, n'kunena kuti anzake anamuuza kuti alakwitsa gulu lonse. Ndinamuimiritsa kutsogolo, tinawiritsanso madzi, n'kuitana ana mmodzimmodzi kuti aliyense awerenge mokweza chimene akuona. Ena ankayang'ana themomita, n'kuyang'ana ine, n'kumati "handiredi" monong'ona. Tinathera piriyodi yonse pamenepo, ndipo sindinadandaule nayo.

Ana anu muwaphunzitse manja ndi maso. Themomita isagunde pansi pa bika, chifukwa pamenepo mukuyeza galasi limene lili pamoto. Diso likhale pa mzere umodzi ndi pamene madzi a m'themomita alekezera. Ayeze katatu, alembe zonse zitatu ngakhale zikusiyana, kenaka apeze ya pakati. Ndipo asalembe 96.4375 chifukwa choti kakyuleta yatero, pamene chida chawo chili ndi timizere ta digiri imodzi imodzi.

Mukadzapita nawo kunyanja ku Salima pa ulendo wa sukulu, mudzanyamule themomita yomweyo, ketulo ndi mbaula. Kumeneko n'kotsika ndi mamita oposa 500 poyerekeza ndi kuno, ndiye ine ndikuyembekeza 98. Ana adzawerenge okha musanawauze, ndipo mudzandilembere zimene adzapeze.